Ma compound 64 akuoneka ngati akupha tizilombo ta malungo, nditani nayo detayi?

Thoko:
Moni nonse a pagulu. Ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa za deta chifukwa mutu wanga waima. Ndikupanga masitazi kuno ku South Africa ndipo ku labu kwathu tinayesa ma compound (ma kemikolo) 8,800 pa tizilombo ta malungo, mtundu wa 3D7, mapuleti 25, iliyonse ya ma well (timaenje) 384, tinasiya mu incubator maola 72 kenako tinathira SYBR Green, utoto wowala woonetsa kuchuluka kwa tizilombo, nkuwerenga ndi makina. Makina anandipatsa fayilo yaitali yosati masewera, ndinaitsegula mu Excel nkusanja kuyambira yomwe yapha kwambiri kutsika m'munsi, ndiye ndapeza 64 zomwe zaletsa tizilombo kupitirira 80%. Ndinasangalala ndithu mpaka ndinaimbira mayi kumudzi. Koma supavaiza wanga atangoona anangoti "pita ukajambule kaye detayo" basi nkulowa mumsonkhano. Kujambula chani poti manambala ndi omwewa ndawasanja kale?

Kondwani M.:
Chemwali ine si wa sayansi, ndimagulitsa masipeya ku Limbe, koma ndimve bwino, mukuti mwapeza mankhwala a malungo 64?

Thoko:
Ayi achimwene sanafike pokhala mankhwala, ndi ma kemikolo chabe omwe mu labu akuoneka kuti akuletsa tizilombo kuchulukana. Ulendo ukadali wautali kwambiri

Mphatso (UK):
Thoko supavaiza wakoyo akudziwa chomwe akunena. Ine ntchito yanga ndi yomweyi tsiku ndi tsiku ndipo sindikhulupirira hit iliyonse, ndiye kuti compound yooneka ngati yagwira ntchito, ndisanaione pa puleti. Panga chonchi usanagone: puleti iliyonse uijambule mmene ilili pa benchi, mizere 16 kuyambira A mpaka P, makolamu 24, kabokosi kalikonse ukapake mtundu malinga ndi peresenti yake. Ndi heatmap imeneyo. Ngakhale mu Excel momwemo zimatheka ndi conditional formatting bola manambala uwakonze mmene ma well akhalira, osati mu mzere umodzi wautali. Mapuleti onse 25 uwaike pa sikirini imodzi. Ndiuzenso ma control ako, ma well oyerekezera aja, ali pati

Thoko:
Kolamu 1 ndi DMSO yokha, timadzi tosungunulira ma compound tomwe sitipha tizilombo, kolamu 24 ndi chloroquine yomwe imapha. Zina zonse 352 ndi ma compound. Dikirani ndiyese

Chisomo wa masamu:
Pomwe akujambula ndiwerengere kaye. Ngati kolamu 1 ndi 24 ndi ma control ndiye ma compound omwe ali kumphepete ndi a mzere A ndi mzere P okha, 22 kuphatikiza 22, ndi 44 pa 352. Ndiye kuti 1 pa 8 alionse. Ngati ma hit 64 aja anamwazikana mwachisawawa tiyembekezere pafupifupi 8 kukhala m'mizere iwiriyo. Thoko ukabwera utiuze kuti wapeza angati kumeneko

Thoko:
Abale inu. Ndajambula. Puleti iliyonse ili ndi mkombero wakuda pamwamba ndi pansi, ngati mmene nsima imapserera m'mbali mwa poto pakati pali bwinobwino. Ndawerenga, 41 mwa 64 ali mu A ndi P. Manja akunjenjemera. Miyezi itatu yonse ija?

Mayi Nkhoma:
Mwanawe pepa, koma usalire, yatigwerapo tonse. Ine ndakhala pa benchi zaka zambiri ndisanapume ndipo chinthu chimenechi timachitcha edge effect. Ma well a kumphepete amaphwa msanga mu incubator, pa maola 72 timadzi tochepa kale tija timatsika, mchere umachuluka, magazi aja sakhalanso bwino ndipo tizilombo sitikula. Makina sadziwa chomwe chapha, amangoona kuti kuwala kwachepa basi. Ndiye iwe umati compound yagwira ntchito pomwe ndi ludzu lapha tizilombo. Thireyi ya madzi pansi pa incubator yanu munaiyang'ana? Nthawi zambiri imapezeka itauma kalekale palibe amene anaithira chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wathira. Ife tinkasiya ma well onse ozungulira opanda compound, tinkangothiramo medium, madzi okulitsira tizilombo, ndipo mapuleti tinkaika m'bokosi lokhala ndi tishu wonyowa. Umataya ma well 76 pa puleti koma umagona tulo.

Thoko:
Amayi thireyiyo ndikukumbuka ndinaipeza youma sabata yachiwiri, ndinangothira osaganizapo kanthu

Mphatso (UK):
Ndiye pali chinanso chomwe chikundidetsa nkhawa kuposa 41 aja. DMSO yako ili pa kolamu 1, komwenso ndi kumphepete. Ndiye kuti muyezo wako wa "tizilombo takula 100%" ndi wa tizilombo tofooka kale. Ukamayerekeza ma well a pakati ndi muyezo wotsikawo, compound yomwe yaphadi ioneka ngati yapha pang'ono. Kutanthauza kuti kupatula ma hit abodza uli nawo, mwina pali enieni omwe anatsalira pa 70 kapena 75 nkuwataya. Werengera Z-factor ya puleti iliyonse payokha, imaona kutalikirana kwa ma control awiriwo ndi mmene amwazikira, ikapitirira 0.5 puletiyo ndi yodalirika, ikatsika kwambiri usavutike nayo bwereza basi. Kwa zomwe zili bwino pali njira yotchedwa B-score yomwe imachotsa kupendekeka kwa mzere ndi kolamu pogwiritsa ntchito median, mu pulogalamu ya R ndi medpolish, mizere isanu ya code yakwana. Koma ndinene mosabisa, masamu amakonza puleti yopendekeka pang'ono, sangaukitse tizilombo tomwe tinafa ndi kuuma

Chisomo wa masamu:
Izi ndi zomwe ndimalimbana nazo ndi ana asukulu anga chaka chilichonse. Mu 1973 Francis Anscombe anapanga timagulu tinayi ta manambala, mean yofanana, variance yofanana, correlation yofanana 0.816, mzere wake wofanana. Ukangoona tebulo umati ndi chinthu chimodzi. Ukajambula, kena ndi mzere wabwinobwino, kena ndi uta, kena ndi kadontho kamodzi kali kutali komwe kakukoka zonse. Manambala 11 okha pa gulu ndipo maso amafunikabe, nanga 8,800?

Kondwani M.:
Koma mundikhululukire, ine ndimamva kuti masiku ano AI ndi imene ikupeza mankhwala, bwanji osangoipatsa fayiloyo imalize?

Mphatso (UK):
A Kondwani funso labwino. Thoko akanaipatsa fayilo ija mmene inalili, AI ikanaphunzira bwinobwino kuti "mankhwala abwino ndi omwe amakhala mu mzere A ndi P". Imaphunzira chomwe waipatsa. Nkhani yomwe anthu amaitchula kwambiri ndi ya halicin, antibiotic yomwe inapezeka mothandizidwa ndi AI, 2020, gulu la James Collins ku MIT. Anayamba ndi kuyesa ndi manja ma molecule pafupifupi 2,300 pa E. coli, deta yoyera yopangidwa mosamala, nkuphunzitsa nayo kompyuta, kenako kompyutayo inasefa ma molecule ena opitirira 100 miliyoni omwe palibe labu ingawayese onse. Chodabwitsa chinali choti halicin samafanana ndi ma antibiotic omwe tili nawo kale. Koma mpaka lero simungakampeze ku famase. AlphaFold, AI yolosera maonekedwe a mapuloteni, nayonso ndi yamphamvu zedi, mu 2022 anatulutsa maonekedwe a mapuloteni opitirira 200 miliyoni aulere pa intaneti ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira Nobel ya chemistry mu 2024 limodzi ndi David Baker. Imakuonetsa mmene loko waumbidwira. Kiyi wolowa pamenepo, ndiye kuti mankhwala, osawononga chiwindi cha munthu ndi ntchito ina ya zaka

Kondwani M.:
Pamenepo ndamva. Ngati sipeya yokongola mu katalogi koma kuika pa galimoto ikukana

Thoko:
Ndiye 23 otsalawo omwe ali pakati ndiwakhulupirire?

Mphatso (UK):
Pang'onopang'ono. Choyamba paka madontho ako mitundu malinga ndi tsiku lomwe puleti inapangidwa ndi thumba la magazi lomwe munagwiritsa. Ngati 15 mwa 23 achokera tsiku limodzi ndiye si chemistry imeneyo, ndi tsikulo. Batch effect. Ine ndinaonapo gilafu yokongola ya PCA ya RNA-seq, mayeso oona mmene ma gene akugwirira ntchito, magulu awiri atapatukana bwino anthu akuombera m'manja kuti mankhwala asintha ma gene, titapaka mtundu potengera tsiku lotulutsa RNA magulu aja anali Lolemba ndi Lachinayi. Chachiwiri SYBR Green imawala ikamata ku DNA, ndiye compound yomwe ili ndi mtundu wake kapena imazimitsa kuwalako imanamiza makina. Bwereza ndi njira ina, pLDH yoyesa enzyme ya kachilomboko kapena kungopaka silaidi ndi utoto wa Giemsa nkuwerenga pa maikulosikopu. Chachitatu pali ma compound omwe amatuluka hit pa mayeso alionse, Baell ndi Holloway anawalemba mu 2010 nkuwatcha PAINS, sefa yake ili mu pulogalamu ya RDKit. Chachinayi yesa pa maselo a munthu ngati HepG2, chifukwa jiki nayenso amapha tizilombo ta malungo 100%

Mayi Nkhoma:
Za Giemsa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ana a masiku ano amathawa maikulosikopu. Ukaona ndi maso ako ring stage, pomwe kachilombo kakadali kakang'ono kooneka ngati mphete, itafota kapena maselo ofiira ataphulika umadziwa pompo kuti chapha ndi chani

A Gondwe (famase):
Ndakhala ndikungowerenga koma ndilowepo. Ine ndili kumapeto kwa unyolo umenewu, ndine amene ndimapereka LA pa windo ndipo anthu saganiza kuti kumbuyo kwa kapaketi kaja kuli deta yotani. Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993 kupita ku SP, Fansidar uja. Ofufuza atabwerera ku magazi osungidwa a ku Blantyre anaona kuti kusintha kwa gene ya pfcrt komwe kumapangitsa tizilombo kusamva chloroquine kunali pa 85% mu 1992 nkutsika kufika 13% mu 2000. Mu 2005 anayesa pa ana ku Ndirande chloroquine anachiza 99%. Gilafu yake ndi kamzere kamodzi kotsetsereka, kosavuta, koma dziko lonse linaphunzirapo kuti ukasiya mankhwala tizilombo tomamva timatha kubwerera. LA tinayamba 2007. Tsopano chondiopsa ndi chakuti kusintha kwa gene ya kelch13 kwa ku Cambodia komwe kumapangitsa tizilombo kusamva msanga artemisinin wa mu LA, kwamtundu wake kunapezeka ku Rwanda mu 2020 kenako Uganda. Si kutali kumeneko. Ndiye Thoko ntchito ukupangayo ife tikuidikira, usafooke koma usatibweretserenso za m'mphepete mwa puleti

Mphatso (UK):
A Gondwe kelch13 imeneyo ndi chitsanzo chabwino cha deta yaikulu yogwiritsidwa ntchito mwanzeru. Genome ya falciparum, kachilombo ka malungo, inamalizidwa kuwerengedwa 2002, zilembo pafupifupi 23 miliyoni, ma gene opitirira 5,000, ma chromosome 14. Kufufuza kachilembo kamodzi mmenemo ndi ntchito yowawa. Anatenga tizilombo ta ku Tanzania mu labu nkumatipatsa artemisinin pang'onopang'ono zaka zisanu mpaka tinasiya kumva, kenako anawerenga genome yake nkuyerekeza ndi ya makolo ake omwe sanalawe mankhwala. Panatsala ma gene ochepa okayikitsa. Atayang'ana magazi a odwala ku Cambodia ndi kelch13 yomwe inagwirizana ndi odwala ochedwa kuchira. Zinatuluka 2014. Anayamba aganiza kaye kuti ayerekeza chani ndi chani, kompyuta inabwera pambuyo

Chisomo wa masamu:
Ndipo popeza mwatchula ma gene ndichenjeze amene adzapange RNA-seq. Ukayesa ma gene 20,000 nkumati chilichonse chotsika pa p 0.05 ndi chenicheni, ngakhale mankhwala ako atakhala madzi a pampopi upeza pafupifupi 1,000 zooneka ngati zasintha. 5 pa 100 ya 20,000. Pa volcano plot gwiritsani adjusted p ya Benjamini-Hochberg yomwe imachepetsa zabodzazo, ndipo madontho onse aoneke, osati kungosiya ofiira okukondweretsani

Tembo wa ku Chipata:
Bwanji nonse, ine nili ku Lusaka. Thoko uli ku South Africa konko ndiye udziwe kuti njira ukuyendayo ena anadutsamo. Professor Kelly Chibale ndi wa kwathu ku Zambia, anayambitsa H3D, labu yofufuza mankhwala, ku University of Cape Town mu 2010, ndipo pamodzi ndi Medicines for Malaria Venture (MMV) anatulutsa MMV048 yomwe inafika poyesedwa pa anthu, koyamba mankhwala a malungo opezeka ndi gulu lotsogozedwa mu Africa kufika pamenepo. Inayambira pa kusefa ma compound ambirimbiri ngati mmene wapangiramu. Pambuyo pake anaiimitsa chifukwa cha zomwe zinaoneka pa makoswe apakati. Zowawa koma anthu aja sanatseke labu, anaphunzirapo za PI4K, puloteni ya kachilomboko yomwe mankhwalawo ankamenya, nkupitiriza

Thoko:
Eeh ngakhale yofika pa anthu imatha kugwa. Ndiye pa 8,800 kupeza zochepa si zachilendo eti?

Mphatso (UK):
Si zachilendo olo pang'ono. Mu 2010 kampani ya mankhwala ya GSK ku labu yawo ya Tres Cantos ku Spain anayesa ma compound pafupifupi 2 miliyoni pa falciparum, omwe anatsimikizika kuti akuletsa ndi 80% kapena kuposa anali 13,533. Sizikwana 1 pa 100. Iwe 1 pa 100 ya 8,800 ndi 88, koma library yako si yawo ndiye usadabwe zikakhala zochepa kwambiri. Chabwino nchakuti GSK anatulutsa mndandanda wonsewo poyera, Novartis ndi St. Jude ya ku Memphis anachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho, ndipo zonse zili mu ChEMBL, nkhokwe ya deta ya ku EMBL-EBI kufupi ndi Cambridge. Kuchokera mmenemo MMV inasankha 400 nkupanga Malaria Box yomwe ankatumiza ulere ku malabu. Ndiye 23 akowo kawafufuze mu ChEMBL, mwina ena anawapeza kale zaka 15 zapitazo nkudziwa vuto lawo, upulumutsa chaka chathunthu. Ndipo ganaplacide ya Novartis yomwe zotsatira za Phase 3 zinalengezedwa November 2025 inachokeranso mu kusefa ma compound opitirira 2 miliyoni kotereku, patadutsa zaka zoposa 10

A Gondwe (famase):
Imeneyo ndikuitsatira kwambiri chifukwa ilibe artemisinin mkati, yaphatikizidwa ndi lumefantrine yemwe tikumudziwa kale mu LA

Thoko:
Vuto langa lina ndi zida. R ndikuiopa, Python sindinaigwirepo, ndipo Spotfire yojambulira deta ku labu laisensi ndi imodzi imakhala ndi a PhD

Mphatso (UK):
Tsitsa DataWarrior, ndi yaulere, imayenda pa laputopu wamba popanda intaneti. Umaponyamo fayilo yokhala ndi SMILES, zilembo zofotokoza kapangidwe ka molecule, imakujambulira ma molecule onse, imawerengera kulemera ndi logP, mmene molecule imakondera mafuta kuposa madzi, imasonkhanitsa ofanana pamodzi pa mapu. Pamenepo uona chinthu chofunika: hit yomwe ili yokhayokha pa mapu ndimaikayikira, koma ukapeza banja la ma compound asanu ofanana msana, atatu akupha kwambiri awiri pang'ono, pamenepo pali nkhani chifukwa ukuona kuti kusintha kagawo kena kumasintha mphamvu. KNIME nayo ndi yaulere umangolumikiza timabokosi. Koma R uphunzirebe, ggplot2 ndi facet_wrap ikujambulira mapuleti 25 onse ndi lamulo limodzi. Chenjezo pa mapu a UMAP ndi t-SNE, amakongola kwambiri koma mtunda wa pakati pa magulu usauwerenge ngati weniweni, ukasintha setting imodzi magulu amasuntha

Chisomo wa masamu:
Excel musamale nayo pa ma gene. Imasandutsa SEPT2 kukhala 2-Sep, MARCH1 kukhala 1-Mar osakufunsa. Mu 2016 anthu a ku Australia anafufuza mapepala ofalitsidwa nkupeza kuti pafupifupi 1 pa 5 alionse okhala ndi mndandanda wa ma gene mu Excel anali ndi vutoli, mpaka mu 2020 komiti yopereka maina inagonja nkusintha maina, SEPT2 inakhala SEPTIN2, MARCH1 inakhala MARCHF1. Komanso imathera pa mizere 1,048,576. Kwa ife a kuno kumudzi ChEMBL yonse kutsitsa ndi ma gigabyte angapo, bandulo siingalimbe komanso magetsi amatha kuthima ili pa 80%, ndiye ndimangofufuza pa webusaiti nkutsitsa kagawo ka falciparum kokha

Tembo wa ku Chipata:
Pempho langa pa mitundu chabe. Ine sindisiyanitsa bwino wofiira ndi wobiriwira chibadwire, ndipo heatmap zambiri za ma gene ndi zofiira ndi zobiriwira. Ndimakhala mu semina anthu akugwedeza mitu ine ndikungoona matope. Gwiritsani mitundu ya viridis kapena buluu ndi olenji chonde, amuna a vuto langali tilipo ambiri kungoti sitinena

Thoko:
Achimwene zikomo ponena, yanga ndinapakadi wofiira ndi wobiriwira. Ndasintha pompano

Mayi Nkhoma:
Ndipo fayilo yochokera ku makina usaikhudze, isunge padera ngati mmene inatulukira, ntchito uzipangira pa kope. Dzina la fayilo likhale ndi deti ndi nambala ya puleti. Mu buku la labu lemba ngakhale zooneka zazing'ono, thumba la magazi liti, ndani anathira, puleti inali pa shelefu iti. Tsiku la thireyi youma ukanalemba bwenzi lero ukudziwa mapuleti oti ubwereze osachita kulota

Thoko:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Z-factor inatsika pansi pa 0.5 pa mapuleti 7, onse a sabata ija thireyi inauma, ndawabwereza mphepete zonse ndi medium yokha ndipo ma control ndawamwaza pakati. Mkombero uja wasowa, puleti yaoneka mtundu umodzi ndi timadontho takuda apa ndi apo. Pa 41 a mu A ndi P atsala 3. Pa 23 a pakati, 6 anali PAINS, 4 apha HepG2, ena sanabwerezeke. Ndipo a Mphatso munalondola, awiri atsopano atulukira omwe poyamba anali pa 70 ndi chakuti. Zonse pamodzi ndatsala ndi 9, ndipo 4 mwa iwo ndi banja limodzi pa mapu a DataWarrior. Pa Giemsa ndaona ndi maso anga tizilombo titaima pa ring stage maselo ofiira ali bwinobwino. Supavaiza ataona ma heatmap akale ndi atsopano pambali pambali anakhala pansi nkuyamba kufunsa mafunso, ola lathunthu

Mphatso (UK):
Banja la anayilo ndi limene uyambe nalo. Panga dose response, kuyesa compound pa milingo yosiyanasiyana, ma concentration 10 kapena 12 uzichepetsa ndi theka kapena katatu, ubwereze masiku atatu osiyana ndi magazi osiyana, ndipo pa gilafu uonetse madontho enieni pamwamba pa curve osati IC50 yokha, mlingo womwe umaletsa theka la tizilombo, mu tebulo. Curve ikagwa ngati phompho kapena ikalekera pa 60% osafika pansi undionetse. Uyesenso pa Dd2, mtundu wina wa tizilombo womwe sumva chloroquine, ngati IC50 ikufanana ndi ya 3D7 ndiye tiyambe kukamba za chomwe ikumenya mkati mwa kachilomboko

Thoko:
Dd2 tilibe yamoyo pano, ili mu nitrogen, ndaipempha kale aitulutse Lolemba. Amayi a Nkhoma ikangotuluka ndidikire masiku angati isanakhazikike kuti ndiyambe kuyesa?

Mayi Nkhoma:
Usathamange mwanawe, ipatse sabata imodzi kapena awiri, uziona silaidi tsiku lililonse mpaka uone kuti ikuchulukana mofanana maulendo awiri atatu otsatizana. Kenako sorbitol kuti zonse zikhale ring stage, ndiye uthire puleti. Ndipo ukalowa m'mawa yamba wasuzumira thireyi ija